Kope la Asiyatu

Asiyatu waweruka, wakhala pa chidebe chovundikira
kuseri kwa shedi yanga mumsika wa Ndirande,
kope pamaondo, mayeso Lachiwiri.
Ine ndikukhoma mbaula ya mayi wina wa ku Chilomoni.

Akuti, Ababa, tamverani ngati ndaloweza.
Maatomu sakonda kukhala okha.
Sodiyamu ali ndi elekitironi imodzi yomulemera,
kolorini ikumusowa imodzi yomweyo.
Uyu apereka, uyo alandira,
basi akanirirana, ndiye mchere umenewo.

Ndikuti, zimenezo ndi za ine ndi a Chikopa a pahadiweya:
chindikongozereni malata mu Febuluwale
sitisiyana, ndikakhota pangodya ndi awo.
Akuseka. Koma mchere ukagwera m'madzi, akutero,
aliyense amalowera kwake.

Atembenuza tsamba.
Kwina kulibe wopereka, kulibe wolandira.
Mahaidirojeni awiri ndi okosijeni amasonkherana,
zosonkhazo n'kukhala pakati, za onse,
ngati bulangete limodzi usiku wa chiperoni.
Ndiwo madzi amene timakawadikirira pampopi.
Kungoti okosijeni amakokerako kwake pang'ono,
anzake n'kumazizidwa kumapazi.

Nanga ili? Ndikumuonetsa lata.
Umo, akuti, maelekitironi alibe mwini,
amangoyendayenda ngati ana a kwathu ku Makata
odya khomo lililonse,
ogona pamene tulo tawapezera,
koma ndi omwewo amene amalumikiza mzere wonse wa nyumba.
N'chifukwa chake magetsi amadutsamo,
n'chifukwa chake mukalimenya limapinda osasweka.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikumenya chitsulo
osadziwa chimene chimandimverera.

Dzuwa lapendekera ku Michiru.
Minibasi zikukuwa Limbe, Limbe, awiri otsala.
Asiyatu watseka kope, akukanda dzimbiri ndi chikhadabo.
Anali Sitandade 5 pamene basi ya ku Joni
idanyamuka pa Wenela ndi mayi ake
ndi chikwama chofiira chimene ndidachikonza zipi ndine.
Akufunsa, maso ali pansi:
Inu ndi amayi, kugwirana kwanu kunali kwa mtundu uti?

Nyundo yaima m'mwamba.
Bulangete lija ndikulikumbuka,
lotuwa, lopsa pangodya ndi nyali,
ndipo amene ankakokera kwake ndikumudziwa.

Ndikuti, zimenezo sizibwera pamayeso.
Bwerezanso za mchere zija.
Nditsitsa nyundo,
lata lipinda.