Zokolola za Opanda Munda

Okutobala wafika ku Keighley ndi mvula yake yowaza,
yosatha, yosatsimikiza,
ndipo m'khonde la nyumba yathu ya okalamba
Kasia wayala nsalu yoyera patebulo
nalemba pakatoni ndi inki yofiira: Zokolola.

Tinaseka. Ife tikolola chiyani?
Timadimba tathu tinatisiya pamodzi ndi makiyi a nyumba.
Zomera kuno ndi zikhadabo
ndi nsidze za Norris Holdsworth.

Koma Lolemba panapezeka zitini zitatu za nyemba.
Lachiwiri Beryl Ackroyd anabwera pachikuku chake
atafukata maapozi pamiyendo,
otoledwa ndi mdzukulu kuseri kwa garaja,
ena oboola mavu.
"Mbali yabwino njaikulu kuposa yowola," anatero,
osayang'ana aliyense.

Enid, amene nyimbo saiwala
koma dzina la mwana wake limamuthawa,
anabweretsa tomato mmodzi wa pazenera pake, wosapsa,
namukhazika pamwamba pa zonse.
Madzulo anakamutenga.
M'mawa anamubweretsanso, nkhope ikuwala.
Tomato mmodzi anaperekedwa kanayi.

Ine ndinapereka shuga,
timapaketi tomwe ndakhala ndikubisa m'juzi chiyambire Pasaka.
Dokotala anandiletsa kale,
ndiye musandiombere m'manja.

Wilf Sugden sanayandikire.
Wilf wa mpando wa pakona, wa mawu owerengeka,
amene amadya atazinga mbale ndi mkono,
amene anamwino analephera kumuvula nsapato pogona.

Lachisanu Sumaira wa kubungwe la osowa pogona
anaimika galimoto pakhomo.
Tinaimba yothokoza, piyano patsogolo, ife m'mbuyo tikutsimphina.
Makatoni atayamba kutuluka
ndodo ya Wilf inamveka pansi, go, go, go.
Anasuzumira, nawerenga zitini ndi chala,
napukusa mutu.

"Atsegula ndi chiyani? Mano?"

Tonse zii.

Anapisa m'thumba la jekete
natulutsa kachitsulo kakuda, kopindika, kakutha,
komangirira ku chingwe cha nsapato.

"Nyengo ziwiri za chisanu," anatero,
"pansi pa mlatho wa njanji,
fakitale ya ubweya itatsekedwa.
Mayi wina anandipatsa chitini cha mapichesi.
Ndinagona nacho masiku anayi,
ndikudya chithunzi ndi maso.
Chitini chopanda chotsegulira ndi mwala wovala pepala."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndadya naye tebulo limodzi.
Mapiritsi ake ndimawadziwa, mtundu ndi nthawi.
Ndimadziwa kuti tiyi amamwa wopanda mkaka.
Za mlatho sindinkadziwa,
ine amene ndinkadutsitsa basi pansi pa mlatho womwewo
kasanu ndi kawiri patsiku,
maso pa wotchi.

Sumaira analandira ndi manja awiri.
Sanakaponye m'katoni,
anakaika m'thumba la pamtima.
"Ndi masokosi," Wilf anamukuwira ali kale pachitseko.
"Njala imachita phokoso m'mimba,
koma imfa imalowera kumapazi, mwakachetechete."

Galimoto itapita khonde linakula.
Patebulo panatsala nsalu, tsamba limodzi la apozi
ndi fungo la anyezi.
Enid anafunsa amene waba tomato wake.
Beryl anaitanitsa ubweya ndi singano zolukira,
zala zake zokhota ngati mizu,
nayamba kukangana ndi Norris
za kutalika kwa phazi la munthu wosamudziwa.

Usiku sindinagone msanga.
Mvula inali ikadali pazenera,
ndipo ndinkaganiza za anthu a m'makomo a masitolo,
kuti ndani adya nyemba, ndani alandira tomato wosapsa,
ndani athira shuga wanga wakuba m'tiyi wa m'kapu ya pepala.

Popita kukamwa madzi ndinadutsa pachipinda cha Wilf.
Chitseko chinali chotsegula pang'ono.
Iye akuliza mkonono,
mapazi oyera atatulukira kunja kwa bulangeti,
nsapato zili pansi pa bedi,
imodzi yopanda chingwe,
lilime panja.