Chipinda Nambala Naini

Ku Duluth chisanu chimaluma mpaka m'mano,
koma Loweruka lililonse ndimatsekula chipinda nambala naini:
makompyuta asanu ndi atatu, wotchi yapakhoma, kabokosi kosungira mafoni.
Ntchito yanga n'kuyang'anira anthu akulemba mayeso
a maphunziro omwe sanawalowerepo m'kalasi.

Wendell Pruszka amabwera akununkha girisi.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri wakhala kunsi kwa nyumba ino
akusamala mapaipi otenthetsa maofesi a aphunzitsi.
Mabuku ake ndi otola, omwe ophunzira amataya mu Meyi,
mizere yachikasu ya eni ake ikadali momwemo.
Mbiri ya dziko anaiwerengera pafupi ndi boila,
masamu anawasovera pa makatoni a zitsulo.

Mphindi makumi asanu ndi anayi. Batani limodzi.
Kompyuta inalavula nambala, iye anangoti, "Chabwino,"
navala chipewa, natsika masitepe kukatseka mpope wodontha.
Anachita zimenezi kakhumi ndi kanayi. Kawiri analakwa,
ndipo kachiwiriko anakhala m'galimoto ola lathunthu osaliza injini.

Digiri inabwera pa positi, itapindika pakona.

Mwamuna wanga Thaddeus amaphunzitsa pansanjika yachitatu.
Tikudya madzulo anati, "Imeneyo ndi njira yachidule.
Digiri ndi zaka zinayi za kutsutsana, kufunsa,
kuwongoledwa ndi munthu wamoyo.
Mayeso amangoyeza zomwe wakumbukira m'mawa umenewo."
Sindinamuyankhe msanga, poti penapake amanena zoona.
Ndinangomufunsa za anyamata a kumbuyo kwa kalasi yake,
ogona atadzifunditsa majekete, olipira fizi yonse,
amene nawonso adzavala mkanjo mu Juni.
Anatafuna nthawi yaitali.

Sabata yatha Wendell anapita nalo pepalalo ku ofesi yolemba ntchito.
Mayi wa pamenepo analikweza ku kuwala kwa zenera
ngati ndalama yokayikitsa,
nafunsa, "Kodi munaphunzira kuti kwenikweni?"
Iye analoza pansi,
kunsi kwa kapeti, kunsi kwa simenti,
kumene mapaipi anali kugogoda
potumiza kutentha kumapazi a mayiyo.

Yankho sanamupatsebe.
Akuti komiti ikumana Lachinayi,
m'chipinda chomwe iye amayatsira moto isanakwane faifi m'mawa.