Chipsera cha Mbali Yachiwiri

Chaka chilichonse, Lachisanu lomaliza la Novembala,
timakwera masitepe a kwa Clive Haworth ku Halifax,
mawondo akudandaula,
majasi akudontha mvula ya ku Yorkshire.
Tinalipo asanu ndi awiri. Tatsala anayi.

Clive amasolola chimbale m'chikuto ndi nsonga za zala.
Chikutocho chinasuluka kalekale:
nyenyezi zofiirira, chombo chopanda mawindo,
ndi mkombero wa kapu ya tiyi
imene Denise anaikapo mu 1974,
mlandu umene sunathe mpaka lero.

Malamulo ndi awiri basi.
Nyali zizime. Pakamwa patsekedwe.

Singano itera.
Poyamba kuthetheka, ngati tchipisi m'mafuta,
kenaka mphepo ija yotuluka m'makina
amene mnyamata wina watsitsi lofika m'chiuno
ankangopotokola, osadziwa chimene chituluke.
Besi ilowa, gu, gu, gu,
mawu omwewo mphindi khumi ndi imodzi,
osatopa, osapepesa.
Gitala iyamba kuzungulira chipinda,
kuchoka khutu ili kupita ilo,
ndipo denga la Clive, lija la nkhungu pakona,
litseguka.

Ine ndinayendetsa basi zaka makumi atatu,
msewu umodzi, kupita ku Bradford ndi kubwerera.
Ndege ndinakwerapo kawiri.
Koma musandiuze kuti sindinayende.
Tili anyamata, fakitale ya makapeti
inkatimeza kuli mdima, n'kutilavula kuli mdima,
ndiye kunabwera mbale yakuda iyi
kudzatinong'oneza kuti pamwamba pa utsi pali malo,
ndipo tikiti yake ndi mapaundi awiri.
Atate anati ndi phokoso la makina ochapira ofuna kufa.
Mwina sananame. Tinakwera makinawo.

Trevor anagontha zaka zapitazi.
Amakhala pansi, chikhatho pa sipika,
kumvera ndi mafupa.
Ng'oma zikachita misala amamwetulira mochedwa,
ngati munthu amene kalata yamupeza atasamuka.

Tsono mbali yachiwiri ili ndi chipsera.
Anachipanga ndi Malcolm Sugden, 1979,
usiku umene mkazi wake anabereka mwana wamkazi;
anavina mpaka kugunda tebulo ndi chiuno.
Kuyambira pamenepo, pakati pa nyimbo yaitali ija,
pamene chitoliro chimasochera mumdima,
pamamveka the, the, the,
kokwana makumi awiri ndi katatu.
Tinamutukwana zaka zambiri.
Malcolm tinamuika m'manda zaka zinayi zapitazo,
kukugwa matalala.

Chaka chatha mwana wa Clive anabwera ndi foni,
akuti nyimbo zonse anazitsuka, zayera mbee,
mumve mmene oimbawo ankafunira.
Tinalola. Zinali zokoma, sindikana,
ndinamva ngakhale mpweya wa woimba chitoliro.
Koma pofika pamalo paja panali zii,
ngati phazi laponda sitepe imene palibe.
Denise anaswa lamulo.
Anati, zimitsa iwe, mwamuchotsamo Malcolm.

Choncho usiku uno tikuwerenga mumtima.
Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makumi awiri.
Trevor akuwerenga ndi chikhatho.
Chombo chikudutsa kumene dzuwa ndi kadontho,
ndipo mnzathu akugogoda kunja kwake,
woledzera, wosangalala, bambo watsopano.

Singano ifika kumapeto, izungulirazungulira pamenepo.
Palibe adzuka.
Kenaka Clive ayatsa nyali,
ndipo ndife nkhalamba zinayi ndi mabisiketi otsala,
wina akufunafuna magalasi amene ali pamphumi pake.

Panja mitambo yatseka zonse, nyenyezi ngakhale imodzi.
Denise akufunsa amene watenga ambulera yake.
Pa siteji ya basi Trevor akung'ung'udza besi ija,
waiphonya kutalitali,
ndipo ine, amene ndimadziwa nthawi ya basi iliyonse m'tauni muno,
ndasiya ya 10:40 yadutsa.