Nyumba Isanapse

Ku Valdivia mvula siodira.
Imagwa cham'mbali, kulowa mpaka m'thumba la jekete,
ndipo ndikafika ku labotale, masokosi ali nyowe,
ndimayatsa makina ochekera ndisanayatse ketulo.

Ntchito yanga ndi kupyapyalitsa.
Kamnofu kochepa ngati njere ya mpunga,
kokutidwa m'phula loyera,
ndimakacheka mpaka khoko la anyezi lioneke lokhuthala,
n'kukayandamitsa pamadzi ofunda, n'kukawola ndi galasi.
Kenako utoto uwiri:
wa pinki, ndi wina ngati vinyo wotayikira pansalu.

Zaka khumi ndi zinayi ndinkacheka zotupa zokhazokha.
Makala ndinkawadziwa, phulusa, mitanda yogwa.
Tsiku lina Dokotala Oyarzún anapukuta mandala ake nati,
"Fresia, takalamba tikufukula nyumba yopsa
koma sitinaionepo moto usanabuke."

Ndiye Loweruka lina anabwera amayi osadwala.
Mphunzitsi wa masamu, woyendetsa basi, masisitere awiri,
mtsikana wa ndolo pamphuno amene ankaopa magazi,
ndi Eduviges Catrileo wogulitsa nsomba kumtsinje,
mamba akadali mbuu pamkono.
Anamasula mabatani osadikira kuuzidwa.
"Mng'ono wanga Lastenia anamupeza nayo mochedwa.
Langali lilibe kanthu. Tengani, mukafanizire."
Singano inalira kamodzi, thwa!
Anatukwana chapansipansi, kenako anafunsa ngati kuli shuga wa tiyi.

Usiku umenewo sindinafulumire kupita kwathu.

Ndinkaganiza kuti bere labwino ndi malo a zii.
Ayi ndithu.
Pansi pa maikulosikopu muli mtengo wogona chagada,
nthambi zake timipita ta mkaka,
kunsonga timaphava tothinana ngati mphesa zosapsa,
mozungulira mafuta, thovu la sopo losaphulika.
Kampita kalikonse kali ndi mizere iwiri ya maselo:
am'kati ayang'ana kuboo,
akunja awakumbatira kumbuyo
monga ugwirira mwana pawindo la sitima.
Mwezi ndi mwezi mtengowu umaphuka, n'kudzithothola wokha.
Maselo amabadwa, amagwira ntchito, amavomera kufa.
Khansa ndi selo limene laiwala kuvomera.

Koma limaiwala liti?
Lachingati, nthawi yanji, pa nthambi iti?
Ndani mwa oyandikana nalo anaona n'kukhala chete?

Chipinda chinacho Nibaldo amadontheza mankhwala m'timbale,
dontho, dontho, wailesi ikulira mpira.
Makumi atatu alephera chaka chino.
Amodzi akuzengereza kulephera,
ndipo sitiwatchula mokweza, kuopa kuwadzidzimutsa.
Tikufuna opha chopengacho
n'kusiya mtengo uli chiimire.
Kuti tisaugwetse, tiyenera kuudziwa khungwa ndi muzu.

Lachisanu ndimapita kumsika.
Akatumbu a m'nyanja amafuula kuseri kwa mpanda, kudikira mitu ya nsomba.
Eduviges amandiona ndili patali,
mpeni m'manja, epuloni yonyowa.
"Nanga mwapezamo chiyani mwa ine?"

Sindidziwa.
Dzina lake linachotsedwa tsiku lomwelo, ndi lamulo.
M'kabati mwanga muli magalasi mazana awiri ndi asanu ndi anayi,
lililonse ndi nambala chabe,
ndipo lililonse ndikaliika pakuwala
ndimati mwina ndi iyeyu,
mwina ndi sisitere wamfupi uja,
mwina ndi mmene Lastenia analili
chaka chimene palibe anaganiza zoyang'ana.

"Tikuyang'anabe," ndimatero.

Amagwedeza mutu, osakhutira,
monga amachitira ndi wogula wonenerera mtengo.
Amakulunga nsomba yanga m'nyuzi ya dzulo,
n'kuwonjezera kaina kakang'ono osalipiritsa.
"Muziyang'anitsitsa," akutero. "Pamandiyabwabe kukazizira."

Ndimabwerera podutsa pamlatho, phukusi kukhwapa,
mvula ikundimenya tsaya limodzi.
Lolemba ndili ndi nambala 210.
Mpeni wa makina ndausintha kale.