Zala Zitatu

Zaka zinayi ndinakhala pa kampando kakafupi
m'khonde la a Kelappan ku Ottapalam
ndisanaloledwe kuyankhula ndi wodwala.
Yanga inali kusinja tsabola wakuda,
kusefa mafuta a chitowe, kutsuka mabotolo,
ndipo m'mamawa, anthu asanalawe ngakhale tiyi,
kugwira mkono umene iwo augwira kale.

"Mkombaphala m'munsi mwa chala chachikulu.
Chapakati chitsate, cha mphete chitsate.
Usafinye, Sulochana, sukugula mango.
Mwamuna kumanja, mkazi kumanzere.
Tsono tseka pakamwa, umve."

Ndimve chiyani? Thi, thi, thi, basi.
Iwo ankati pansi pa chala choyamba pamakwawa njoka,
ndiyo vata, mphepo ya m'thupi;
pansi pa chachiwiri pamalumpha chule, pitta, moto;
chachitatu n'cha kapha, tsekwe woyandama mosapupuluma.
Ine nyama zonsezo zinkandithawa.
Usiku ndinkadzigwira ndekha pamphasa
mpaka dzanja kuchita dzanzi,
mvula ya Juni ikupuntha denga
ndi kugwetsa kokonati kuseri kwa chitsime.

Chule ndinamupeza mwa Ravunni,
dalaivala wa basi ya ku Thrissur, maso psuu,
wodya chiimire, wotukwana ndi ng'ombe zomwe pamsewu.
Lumphu! pansi pa chala changa.
Ndinatsala pang'ono kukuwa.
A Kelappan sanandiyamikire. Anangoti,
"Mufunse kuti tulo tenitenito anagona liti."
Chibambo chija chinayamba kusisima,
n'kuulula za ngongole ya ukwati wa mwana wake wamkazi,
ya golide wobwereka, chiwongoladzanja chikungobala.
Mtsempha, ndinazindikira, umangogogoda.
Chitseko amatsegula ndi mwini nyumba.

Chaka chatha, mpunga utakololedwa,
khonde lili mbee, odwala asanafike,
anayala mkono wawo pa tebulo ngati nsomba youma.
"Zala zangazi zakalamba,
zimamva ngati ndazikulunga m'nsalu.
Tandimvere."

Ndinafuna njoka. Ndinafuna chule.
Ndinapeza china:
gu, gu, gu, kenako zii.
Zii wautali, woti khwangwala n'kulira kawiri.
Kenako gu,
ngati munthu waima pakati pa masitepe
ataiwala chimene amakatenga m'mwamba.

"Ndi mphepo chabe, aphunzitsi," ndinatero.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Zala zako zanena kale, zanjenjemera.
Kumva ndinakuphunzitsa ndine.
Nanga bodzali unakaliphunzira kuti?"

Tinakwera basi ya Ravunni.
Tsiku limenelo sanaimbe hutala ngakhale kamodzi,
maenje ankawazemba ngati wanyamula mazira.
Kuchipatala makina analavula pepala lalitali
la timapiri ndi tizigwa,
ndipo dokotala, kamtsikana ka msinkhu wanga,
analoza ndi cholembera pamene mapiri anathera,
pachidikha chija ndinachidziwa kale ndi khungu.
A Kelappan anapinda pepalalo kanayi
n'kuliika m'thumba la malaya.
"Uyu anaziona popanda magetsi," anauza dokotala.
Kuyamikira kwawo konse, zaka zonsezi, kunali komweko.

Anabwerako ndi kachitsulo pansi pa khungu la pachifuwa,
kotukumuka ngati bokosi la machesi.
Tsopano pakampando kakafupi pamakhala iwo,
akusinja tsabola, akudandaula kuti ndimafinya anthu.
Lachiwiri lililonse amandipatsa mkono.
Njoka ilipo, yaulesi. Chule wafatsa.
Tsekwe amadutsa akafuna.
Koma pansi pa zonsezo pamayenda nyama yachinayi,
yosatopa, yosaphonya phazi,
imene mabuku awo a masamba a mgwalangwa
sanailembe paliponse.

"Ndiitche chiyani?" ndinafunsa dzana.
Anayang'ana mumtondo nthawi yaitali.
"Usaitche kanthu. Ndi mlendo.
Mpatse malo, umve amene akuyenda pambali pake."