Tsiku Lopanda Doko

Zelesi anaimba foni usiku, mawu akudukaduka:
"Amama, mawa sitiima paliponse.
Kulibe doko, kulibe mtunda, madzi okhaokha.
Alendo amalitcha tsiku la panyanja,
amadzuka tulo tikawatopetsa."
Ndinafunsa, nanga amachita chiyani?
Anaseka. "Palibe. N'chimene analipirira."

Mwana wanga amayala mabedi makumi atatu
m'chombo chotalika kuposa chipatala chathu chachikulu.
Amapinda matawulo kukhala njovu ndi atsekwe
kuti obwera kowothera dzuwa amwetulire.

Ine wa ku Mchini,
amene nyanja ndinaionera pa kalendala ya m'sitolo,
ndinagona nawo mawuwo ngati kanyama kotsalira m'mano.

M'mawa sindinapite ku Kapata.
Thumba la nshawa linakhala pakona, lomanga pakamwa.
Tomato ndinamuuza kuti apse yekha.
Ndinatulutsa mpando wapulasitiki,
uja wa mwendo womanga ndi waya,
n'kuuyang'anitsa ku Kanjala.
Ndinavula mapatapata, mapazi m'beseni, chubwi!
Tanyamuka, ndinatero.

Amake Layitoni anasuzumira pampanda.
"Mwadwala?"
Iyayi.
"Kwagwa zovuta?"
Iyayi, ndili paulendo.
Anayang'ana beseni, anayang'ana ine,
anapita kukauza mzere wonse wa pampopi.

Dzuwa la Okutobala litakwera
mapiri anasanduka mafunde oiwala kugwa,
obiriwira mwa utsi, wina kumbuyo kwa mnzake.
Zitenje pachingwe zinafufuma ndi mphepo.
Malole opita ku Mwami analira chapatali,
ndinati ndi zombo zinzathu, ndinakweza dzanja.

Koma manjawa!
Zaka makumi anayi akutongola, akuwerenga chenji,
sadziwa kukhala pamiyendo ngati alendo.
Lamanja linayamba kutola ulusi pa siketi,
lamanzere linafunafuna tsache.
Ndinawakalipira onse awiri.
Kukhala chabe nako ndi luso,
ndipo sukulu yake sindinapiteko.

Masana ndinatuma kamnyamata ka aneba
kakandigulire chakumwa chozizira,
chenji n'kukasiyira, monga amachitira a m'chombo.
Ndinamwa pang'onopang'ono, botolo likutuluka thukuta,
mutu ukuwerenga wokha:
makwacha makumi asanu ndi atatu amira lero,
ndipo Nyamazawo wandilanda makasitomala.
Amire.
Nkhuku inabwera kudzamwa m'nyanja yanga, ndinaileka.

Kenaka tulo,
tulo ta masana tomwe ndinatisiya ndili mtsikana.
Khonde linayenda. Ndikulumbira, linayenda.
Linadutsa Lunkhwakwa, linadutsa minda youma ya ku Katete,
palibe anandifunsa mtengo wa kanthu.

Ndinadzuka mthunzi utafika pachimbudzi,
khosi lowawa, zala za kumapazi zitakwinyika,
magetsi atapita monga mwa masiku onse.

Foni inalira kamodzi. Chithunzi:
kawindo kozungulira ngati mbale ya ndiwo,
m'kati mwake kamzere ka madzi otuwa.
"Nyanja ya lero ndi iyi, amama.
Ndaiona mphindi zisanu, ndikudikira zochapa.
Tsiku lopuma iwo ndiye lotithyola msana,
sachoka m'zipinda, matawulo satha.
Mapazi atupa. Inu mwagulitsa bwanji?"

Ndinayang'ana mapazi anga, oyera ngati a khanda.
Ndinalemba, ndinafufuta.
Ndinalembanso, ndinafufutanso.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga tawulo
lija anandigulira ndi malipiro ake oyamba,
ndinalipinda, kulipotokola, kufuna njovu.
Inatuluka mbewa.
Ndinaijambula pa bedi losayala, n'kutumiza.

Anayankha ndi mawu, kuseka kokhakokha,
kumbuyo kwake makina akung'ung'udza
pansi pa madzi, kutali, kumene sindidzafika.
Ndinamvetsera katatu.

Madzi a m'beseni sindinataye pabwalo.
Ndinawanyamula bwinobwino, asatayike,
kupita kuseri, ku kadimba kanga,
ndipo nyanja yonse, ndi mafunde ake,
mpiru unamwa ndisanawongole msana.