Ludzu la Makala

Kwathu ku Patancheru madzi amamwa mankhwala asanadwale.
Ngalande yochokera kufakitale ya mapilisi
imadutsa kuseri kwa khola la Yadamma,
thovu lake ngati wina wathiramo chikasu.
Njati zimalowamo mpaka m'khosi,
ndipo mkaka wa m'mawa umanunkha chipatala.

Bambo anga, Narsimlu, anadzicheka ndi chikwakwa
chaka chimene mvula inachedwa.
Kabala kosaposa chikhadabo.
Jakisoni woyamba, tizilombo tinangomuseka.
Wachiwiri. Wachitatu.
Dokotala anavula magalasi, nati:
timeneti tinakulira m'madzi omwewo,
mankhwala timawadziwa ngati mwana adziwa fungo la amake.
Mwendo unatsala ku Hyderabad.
Nsapato yakumanzere ikadali pansi pa bedi.

Tsopano ndimatola zigoba za kokonati pakhomo la kachisi
anthu akatha kuswa zopereka zawo.
Ndimazitsekera mu ng'anjo yosalowa mpweya,
zipse osayaka,
kenako nthunzi yolusa imaziboola
timabowo, timabowo m'kati mwa timabowo,
mpaka supuni imodzi ya ufa wakudawu,
utati uyale makoma ake onse,
akuti anyamata angasewerepo kiriketi.
Sindinayalepo ine. Ndimangokhulupirira sikelo.

Lachiwiri ndinathira madzi a m'ngalande m'paipi yagalasi,
makala ali phee pakati.
Dontho.
Dontho.
Mpunga wanga ndinadya choimirira.
Mankhwala akalowa m'tinjira timeneto amasochera,
amamatirira kukhoma, njira yobwerera osaipezanso.

Makina anayamba kujambula mzere wake.
Phiri lija limatumphuka papepala tsiku ndi tsiku
linangotsala kachulu.
Bhaskar anaomba m'manja, tiyi n'kumutayikira pamalaya.
Ine ndinayang'ana makala:
akuda monga dzulo,
osaonetsa n'komwe kuti ameza kanthu.

Koma makala nawo amakhuta.
Patsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi
phiri linayambanso kumera.
Matumba asanu ndi awiri ali pakona ya labotale,
odzaza ndi zimene tinalanda madzi,
ndipo palibe wandiuza kokawasiya.
Ukawakwirira, mvula idzawafunsa.
Kuwawotchanso kumafuna magetsi
amene bwana akuti tidikire chaka chamawa.
Ngalande siidikira. Usiku imachita kuthamanga.

Madzulo ndinawatengera bambo kachidutswa m'thumba la yunifolomu.
Anakatembenuza, anakanunkhiza,
anakaika pakhutu ngati kanena kanthu.
Kopepuka chonchi? anatero.
Nanga njati za Yadamma zidzamwa liti madzi akowo?

Ndinati sindikudziwa.
Anagogoda ndodo pansi kawiri,
napukutira zala pamalaya awo oyera,
mizere inayi yakuda pachifuwa.
Mawa, anati, upite kukachisi molawirira,
osesa asanatole zigoba.